Kuseka kwa Amai pa Manda

Francistown, 8 Sepitembala 2024

Mlongo wanga Virginia,

Uli bwanji kumeneko ku Nyimba? Ana a sukulu akukuvutitsa bwanji? Nanga amai ku Nyampande, akudya? Ine ndili bwino, kungoti kuchipatala kuno sanandipatsebe masiku opuma. Ndasankha kulemba pa pepala n'kukutumila chithunzi chake, chifukwa pa foni iwe umakweza mawu, ine ndimakweza, netiweki imadula, ndiye timasiyana tisanamvane.

Atate anaikidwa ine kulibe. Chimene ndaona cha malilo awo ndi kavidiyo kaja msuweni wathu Jerry anaika pa gulu la banja la WhatsApp. Ndakaonela mobwelezabweleza. Bokosi lili m'mbali mwa dzenje, nyimbo yachisoni ikulila, kenaka kamela ikutembenuka n'kuima pa nkhope ya amai. Amai akuseka. Si kumwetulila ayi. Mano ali panja, mapewa akugwedezeka.

Mailo anandiimbila azakhali a Immaculate, amai ake a Jerry. Ukudziwa kuti nawonso sanaike nawo mlongo wawo, basi yawo yochokela ku Kitwe inafela panjila, anafika manda atawumbidwa kale. Iwonso aona kavidiyo komweko. Mawu awo ndi awa, ndinawalemba pomwepo kuti ndisawasinthe: "Mlamu wanga waseka pa manda a mlongo wanga, dziko lonse laona. Asayembekezele kuti ndimusudzula."

Sindikufunika kukuuza tanthauzo lake. Kubanja la atate wamkulu ndi iwo. Akapanda kulola, palibe amene adzameta amai ndi kuwavula zakuda. Amai sapita kudimba, sapita kumsika, ndipo mvula ikagwa mu Novembala sagwila khasu. Chaka chatha chilala chinawasiya opanda kanthu. Chaka china chopanda kubzala sangachipilile.

Ndikudziwa kuti iwe unajambula malilo onse pa foni yako, ndipo ndiwe umakonza mavidiyo a sukulu ndi apu ija. Ndikupempha ukonze vidiyo imodzi yaulemu, udule paja amai akuseka, titumize kwa azakhali. Komanso undiuze zoona: chinachitika n'chiyani?

Ndine mlongo wako,
Stanislaus

Nyimba, 14 Sepitembala 2024

Alongo anga a Stanislaus,

Tili bwino. Magetsi ndiwo akubwela ngati mlendo wamanyazi, foni ndikutchajila kwa aneba amene ali ndi sola. Amai akudya, akudandaula za dimba, akuti tomato akupsa okha ngati alibe mwini.

Mwafunsa chimene chinachitika. Chinachitika ndi amai Chibuye.

Mukuwakumbuka, aphunzitsi aja a Chibemba ochokela ku Kasama amene anapuma ntchito n'kukhazikika ku Nyampande. Zaka zonsezi akhala akunyozana ndi atate zachimbuya, monga amachitila Abemba ndi ife Ansenga, atate kuwati odya anyani, iwo kuwati odya mbewa. Tsiku la malilo iwo ndi Abemba anzawo ndiwo anagwila ntchito yonse monga mwa mwambo, kutunga madzi, kuphika, kutipaka ufa kumaso. Titafika kumanda, m'busa atangotseka buku, tinaona munthu akutuluka m'gulu atavala jekete la atate ndi chipewa chawo, akukankha njinga yawo. M'manja ali ndi chingwe chija atate ankayezela mizele m'munda.

Anakhosomola ngati atate, kawili kaja, ehe-ehem. Anatambasula chingwe m'mbali mwa dzenje, n'kutsinzina diso limodzi. Kenaka ndi mawu a atate enieni akuti, "Amake Stani, ndani wakumba ichi? Chakhota. Zaka zonse ndakhala ndikuwongola mizele ya mudzi uno, lelo mufuna mundigoneke mokhota? Kwililani, tiyambilenso."

Mmodzi mwa okumba anati, "Chokani apa, inu odya anyani!" Iwo akuti, "Iwe Mnsenga, chete. Mbewa yomwe imakumba una wowongoka kuposa iwe."

Anthu onse anaseka, ngakhale m'busa. Amai anali atalila kuyambila kuchipatala mpaka mawu kutha. Anayesa kudzigwila, zinakanika. Ndi pomwepo Jerry anatembenuza foni yake.

Jerry sanafune zoipa, ndi wopusa chabe. Apu imene amagwilitsa ntchito ukasankha nyimbo imazimitsa mawu enieni. Ndipo anadula m'mbali kuti chithunzi chikwane choimilila, ndiye amai Chibuye ndi chingwe chawo anatsala kunja. Kunatsala mkazi wamasiye akuseka pamwamba pa nyimbo ya malilo.

Vidiyo ndikonza, ndayamba kale kulumikiza zidutswa. Koma pamene mukuti ndidulepo sindidula. Ndibwezeletsa mawu ndi chithunzi chonse, azakhali aone okha.

Munalonjeza mankhwala a miyendo ya amai. Musaiwale.

Virginia

Francistown, 17 Sepitembala 2024

Virginia,

Moni. Mankhwala ndapatsa dalaivala wa thilaki wopita ku Chipata, akuimbila akafika pa Nyimba. Amai amwe atadya, asamwe ndi tiyi.

Kalata yako inandiseketsa, kenaka inandiliza. Chingwe chija chinandikwapulapo ndili mwana chifukwa cha mzele wokhota. Koma Virginia, ndaimbilanso azakhali ndipo ndawafotokozela zonse. Iwo chimbuya akuchidziwa, anabadwila konko. Akuti mbuya aseke, mudzi useke, m'busa aseke ngati akufuna, koma namfedwa amayang'ana pansi. Ukabwezeletsa mawu ndiye kuti wawapatsa umboni wabwino kuposa wa Jerry.

Ndaganiza kwambili, ndipo ndapeza njila. Usakane usanamalize kuwelenga.

Ndazimitsa mawu pa kavidiyo ka Jerry n'kukayendetsa pang'onopang'ono. Kuseka ndi kulila zimafanana kwambili. Mapewa amagwedezeka chimodzimodzi, pakamwa pamatseguka chimodzimodzi. Iwe uli ndi mawu a amai akulila m'mawa uja bokosi likutuluka m'nyumba. Uwachotse pamenepo, apu ili ndi polekanitsila mawu ndi chithunzi. Uwaike pansi pa nkhope ya kumanda, uchepetse liwilo pang'ono, udetseko kuwala kuti mano asaonekele. Amai Chibuye uwaike patsogolo kapena pambuyo, osati pamodzi. Tikatelo tidzanena kuti apu ya Jerry ndiyo inasokoneza chithunzi. Jerry avomela, akuchita kale manyazi.

Si bodza lalikulu. Amai analiladi tsiku limenelo. Tikungosuntha misozi yawo kuchoka m'mawa kufika masana. Azakhali sakufuna choonadi, akufuna powatsikila kuti asaoneke ogonja. Tiwapatse.

Amai usawauze, ali ndi zokwanila zoganiza.

Stanislaus

Francistown, 2 Okutobala 2024

Virginia,

Uli moyo? Kalata yanga ikuonetsa kuti unaiona, koma sunayankhe. Ndikaimba sukuyankha. Dalaivala akuti mankhwala anakupatsa m'manja ndipo unali bwino, ndiye matenda ndawachotsapo.

Ndikuganiza kuti mwina apu yakukanika. Si chamanyazi. Ndaikopela pa foni yanga ndipo ndayesa ndekha ndi vidiyo ina. Ukadina kachidutswa, pansi pamabwela mzele wa zizindikilo, usunthe chala kumanzele mpaka upeze cha mawu. Ngati vuto ndi malo m'foni, fufuta mavidiyo a sukulu, ungawapezenso. Ngati ndi mabandulo, nena.

Kuno kwayamba kutentha koopsa, ndiye kwanuko mitambo siili kutali. Ndaona zanyengo, akuti mvula ikhoza kufulumila. Anthu ena akonza kale minda. Chonde.

Stanislaus

Nyimba, 9 Okutobala 2024

A Stanislaus,

Ndili moyo, ndipo apu siinandikanike. Musandiphunzitse posuntha chala, ndine ndinajambula ukwati wa aneba anu akale mpaka mkwati analila poonela.

Zimene munanena ndinachita tsiku lomwelo. Ndinatenga kulila kwa m'mawa, ndinakuika pansi pa nkhope ya kumanda, ndinachepetsa liwilo. Pamene pakamwa sipankagwilizana ndi mawu ndinadulapo n'kuikapo chithunzi cha maluwa. Zinatheka bwino kwambili. Ine amene ndinaima pambali pa amai tsiku lija, nditaionela ndinayamba kukayika ngati anasekadi. Ndinaika foni pansi. Ndicho chifukwa sindinakuyankheni.

Munati ndisawauze. Koma nkhope ndi yawo, si yanu, si yanga. Loweluka ndinakwela minibasi mpaka pa Petauke, kenaka njinga yamoto mpaka kumudzi. Ndinawapeza pakhonde akusenda mtedza, atavala zakuda zawo, kutentha konseku. Ndinawapatsa foni.

Anaonela mpaka kumapeto. Kenaka akuti, "Mayi ameneyu ndani?"

Ndinati, "Ndinu, amai."

Akuti, "Ine pamenepa ndinaseka."

Ndinawafotokozela za azakhali ndi za nzelu yanu. Amai akuti, "Ndiye ana anga awili, wina nesi wina mphunzitsi, mwakhala pansi kuti mundisokele chigamba pankhope? Fufuta."

Ndinafufuta. Akuti, "Kwina kumene zimabisala nakonso." Sindikudziwa anamva kwa ndani kuti chofufutidwa chimatsala kwina. Ndinatsegula apu, ndinafufuta ntchito yonseyo iwo akuona. Atatelo anandiuza kuti ndiwaonetse yeniyeni, ya mawu. Atafika pa chingwe anasekanso, mtedza kumwazika.

Akulembelani okha. Pensulo ndi yanga, mawu ndi awo, sindinakonzemo chilichonse.

Virginia

Nyampande, Sondo

Stani mwana wanga,

Ndakupatsa moni. Mankhwala ndalandila, miyendo yachepako. Ukudya bwino kumeneko? Pa chithunzi chako waonda.

Ndamva zimene unafuna. Sindinakwiye kwambili chifukwa ndikudziwa ndi mantha. Unabadwa wamantha, unkayang'ana m'nsapato kawili usanavale.

Koma umve. Atate ako ndinakhala nawo kuyambila ndili mtsikana. Anali munthu wovuta. Ankawongola mizele yanga pamaso pa anthu, ankawongola mphasa, ankawongola ndi mmene ndapachikila chikho. Akanakhala kuti sankandiseketsa ndikanabwelela kwathu iwe usanabadwe. Pamene anadwala ndine ndinkawatembenuza, ndine ndinkachapa. Alamu anga anali ku Kitwe akutuma moni pa foni.

Tsiku lija kumanda ndinamva mawu a mwamuna wanga komaliza, ngakhale anatulukila pakamwa pa Mbemba. Ndinaseka. Ndikabisa zimenezo ndiye kuti ndavomela kuti ndinalakwa, ndipo anthu adzati anabisa chifukwa pali china. Lelo anena za kuseka, mawa anena kuti ndinawadyetsa kanthu.

Sindipepesa. Ndauza Virginia akonze vidiyo yonse kuyambila kunyumba mpaka kumanda, kulila kukhale pa malo ake, kuseka pa malo ake. Ndipita nayo ndekha ku Kalindawalo kwa alamu anga, kumene akukhala chibwelele ku Kitwe. Akafuna kundisunga m'zakuda andisunge akudziwa chimene akundisungila.

Usaimbile alamu anga kuwanyengelela. Ukatelo ndidzamva.

Amai ako

Francistown, 13 Okutobala 2024

Amai,

Ndalandila kalata yanu, ndakondwa kuti miyendo yachepa. Ndikudya, musadandaule.

Sindikuvomeleza. Ndinene poyela. Azakhali akaona vidiyoyo pamaso pa abale onse sadzakhalanso ndi pothawila, ndipo munthu wopanda pothawila amaumitsa khosi. Mukhoza kutaya mvula ya chaka chino chifukwa cha kamphindi kochepa. Ndaganiza zolemba aganyu kuti abzale m'malo mwanu, koma ndikudziwa kuti simulola munthu wina kugwila mbewu zanu.

Koma nkhope ndi yanu. Azakhali sindiwaimbila.

Virginia, popeza ukuwelengela amai kalatayi, izi ndi zako. Usaikemo nyimbo ngakhale pang'ono. Pamene mphepo ikuwomba pa maikolofoni usiye choncho, wina angati tadulapo. Usalembe mawu pa chithunzi. Mawu a amai Chibuye uwakweze pang'ono, azakhali khutu lakumanzele silimva bwino, ndipo sipika uiike kumanja kwawo. Sipika ubweleke yabwino, foni itchajidwe yodzaza, ndipo vidiyo uisunge m'foni mwenimweni chifukwa ku Kalindawalo netiweki ndi ya pachulu. Utenge ndi foni yachiwili.

Mundiuze tsiku lomwelo. Musandisiyenso mumdima.

Mwana wanu,
Stanislaus

Nyimba, 27 Okutobala 2024

Alongo anga,

Moni. Mailo tinapita. Ndafika kuno ndatopa, koma ndikulembelani ndisanasambe, mungayambenso kufunsa madalaivala.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kwa azakhali. Panali iwo, azibambo aang'ono awili, akazi awo, ndi Jerry atakhala patali ngati wakuba nkhuku. Amai anakhala pa mphasa. Foni ndinaitsamilitsa pa mpando, sipika kumanja kwa azakhali monga munanenela.

Azakhali anayamba ndi kuti, "Ine za mafilimu sindinaitane. Ndinaona kale."

Amai akuti, "Munaona ya Jerry, alamu. Iyi ndi ya mlongo wanu."

Ndinayatsa. Bokosi likutuluka m'nyumba, amai akugwa pakhomo, azimayi akuwadzutsa. Azakhali anapukuta m'maso. Ulendo wa kumanda, nyimbo za kwaya, pemphelo. Kenaka njinga, jekete, chipewa. Kukhosomola kuja kutangomveka, bambo aang'ono a Hilary anaphulika, n'kubisa nkhope m'chipewa. Azakhali anawayang'ana, iwo anakhala chete. Amai Chibuye akutambasula chingwe, akunena zawo, gulu likuseka, amai akuseka. Sindinachepetse kalikonse. Kuseka kwa amai kunamveka mpaka kunyumba yachitatu.

Azakhali sanaseke. Anati, "Bweza."

Ndinaganiza kuti akufuna aonetsetse mano a amai. Ndinabweza pa nkhope yawo. Akuti, "Osati apo. Pa kukhosomola."

Ndinabweza. Anatseka maso, akumvetsela. Akuti bweza. Ndinabwezanso. Kenaka anayamba kulila, kulila kwenikweni kwa malilo, akutchula dzina la atate la kuubwana limene ine sindinalimvepo. Akuti, "Davies, ndinachedwa, basi inandichedwetsa." Akazi a azibambo aang'ono anawagwila. Ine ndinazimitsa sipika.

Atatonthola anapukuta nkhope ndi chitenje, n'kuyang'ana amai. Akuti, "Komabe munaseka."

Amai akuti, "Ndinaseka."

"Namfedwa amayang'ana pansi."

"Pansi ndi pamene panali dzenje lokhota, alamu. Ndikanayang'ana pamenepo ndikanaseka kwambili."

A Hilary anadzuka n'kupita kuseli kwa nkhokwe, tinkangomva akutsamwa. Azakhali anati, "Ndiye simupepesa?" Amai akuti, "Ndikupepesani kuti simunaike nawo mlongo wanu. Zimenezo zinandiwawa inenso. Za kuseka ayi. Mvula ikagwa ndikulowa m'munda. Mukandimasula ndilowa womasuka. Mukapanda kutelo ndilowa ndi zakuda zomwezi, anthu adzafunsa inu, osati ine."

Azakhali analowa m'nyumba. Tinadikila, sanatuluke. Tinatsanzika kwa azibambo aang'ono. Tili pamsewu kudikila njinga zamoto, Jerry anatithamangila kudzanena kuti amai ake akufuna vidiyoyo pa foni yawo, yonse. Ndinamutumila pomwepo, ndipo ndinamuuza kuti akaikamo nyimbo ndimudula chala.

Tsiku sanatipatse. Musandifunse tanthauzo lake, sindikudziwa. Kum'mawa kukuchita mdima masana alionse.

Virginia

Nyampande, Lachitatu

Stani,

Moni mwana wanga. Virginia akuti ukumuimbila ali m'kalasi. Leka, amuchotsa ntchito.

Mailo kunabwela Jerry ndi uthenga wa alamu anga. Akuti Loweluka lino abwela ndi abale kudzandimeta ndi kundivula zakuda. Lezala ndi sopo atumiza kale, chitenje chatsopano abwela nacho okha. Jerry akuti foni ya amai ake yatha batile ndi kukhosomola kwa atate ako, mpaka adzukulu ayamba kukhosomola chimodzimodzi.

Mbewu ndasankha kale, zili m'thumba pakhomo. Usatume aganyu.

Alamu anga aika lamulo limodzi. Akuti Mbemba uja asapondeko pa mwambo, chifukwa iwo akufuna zinthu ziyende mwaulemu.

Ndamuuza Jerry kuti akanene kuti ndamva. Mbuya saitanidwa, ndiye sindinawaitane. Ndangotuma mawu kwa amai Chibuye kuti Loweluka m'mawa asadzayelekeze kudutsa kuno, chifukwa aletsedwa ndi Ansenga.

Ayankha kuti afika m'mamawa. Ndauza Virginia abwele ndi foni yodzaza.

Amai ako